Kabaza wa pa Sinowo

Lachinayi pa 1 Malichi 2018, basi imene Keturah Kampango ankadikira pa Evington Road mu Leicester sinabwere. Sinowo inali itagwa kuyambira dzulo lake, ndipo mphepo inkaiunjika m'makomo mwa anthu ngati mchenga. Shifiti yake kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby inkayamba m'mawa womwewo.

Anaimbira foni Hazel, mnzake wa kuntchito.

"Iwe Hazel, uwauze a manejala kuti ine ndili pasiteji. Basi kulibe. Zala zanga zafa kale, zangotsala kuikidwa m'manda!"

Asanadule foni, pambali pake panaima njinga yakapalasa ya matayala onenepa ngati a njinga yamoto. Kumbuyo kwake kunali kaliyala wa khushoni yofiira, zogwirira ndi zopondera zomwe. Wopalasayo anatsitsa mpango umene unamuphimba pakamwa.

"Kabaza, achemwali. Tipite?"

Chichewa! Pakati pa sinowo!

"Mwapenga eti? Mukufuna mundithyole miyendo ku Ulaya kuno?"

"Ine ndanyamulapo mbuzi ziwiri ndi thumba la feteleza pamchenga wa ku Salima, osagwa. Inuyo kulemera kwanu n'kotani?"

Mnyamatayo anagwada n'kuyamba kutulutsa mpweya m'matayala. Keturah anagwira pakamwa.

"Ndiye mukuphwetsanso dala?"

"Tayala lolimba limamira. Lofewa limayenda pamwamba. Kwerani, mundigwire m'chiuno."

Anakwera. Magalimoto ankaterereka n'kuima chopingasa mumsewu, koma njingayo inkangodutsa mwakachetechete, sinowo ikulira pansi pa matayala ngati munthu akutafuna chinangwa chachiwisi. Atafika pageti la kuntchito, Keturah anafunsa za malipiro.

"Kabaza uyu salandira ndalama," anatero mnyamatayo. "Amalandira nambala ya foni."

Dzina lake linali Darlington Chikuse. Ankakonza njinga m'shopu ya bambo wina wotchedwa Shabbir, ku Highfields. Njinga yonenepayo anaigula yakale, ndipo kaliyala uja anachita kuwotcherera yekha, kukumbukira masiku amene ankapalasa kabaza kuti apeze fizi ya kusekondale.

Sinowo inasungunuka, koma mauthenga sanaleke.

"Pasinjala wanga, wadya?"

"Duwa langa la ku Ntcheu, wandiiwala? Mtima wanga waphwa kuno, bwera udzapope."

Keturah ankawerenga ali m'chipinda chochapira zovala za okalamba, n'kumaseka yekha. Zaka zonse zimene anakhala ku England, ndani anamufunsapo ngati wadya?

Chilimwe cha chaka chimenecho kunatentha kwambiri. Masiku opuma, Darlington ankamunyamula pakaliyala kupita ku Bradgate Park kapena m'mphepete mwa ngalande yodutsa mumzindawo. Ana ankaloza matayala aja n'kumaseka. Keturah sankatha kupalasa. Kwawo ku Tsangano njinga inali ya abambo, ndipo atamwalira inagulitsidwa. Darlington anayesa kumuphunzitsa kawiri, koma Keturah atagwera m'maluwa anakana kuyesanso.

"Ndiphunzirenji, poti ndili ndi kabaza wangawanga?"

"Zoona," anatero Darlington, akumupsompsona pachipumi. "Iwe ntchito yako n'kukhala basi."

Koma patala ndi pafumbi Darlington sankasangalala kwenikweni. Akakhala pansi ankatulutsa foni n'kumuonetsa mavidiyo a kumpoto kwa Finland: tinjira toyera tolowa m'nkhalango ya paini, totsendereredwa ndi makina, anthu akupalasa njinga zonenepa atamanga nyali pamphumi.

"Kumeneko mu Disembala dzuwa silioneka n'komwe. Masana kumangochita buluu, ngati kukufuna kucha koma osacha. Njinga iyi kwawo n'kumeneko, bebi. Kuno ikungozunzika ngati nsomba ya m'beseni."

"Nanga anthu amaona bwanji njira?"

"Ndidzatenga iweyo. Kumene kulibe dzuwa, udzawala wekha."

"Bodza lako!"

"Ndikulumbira. Ndidzakunyamula m'nkhalango imeneyo. Tikadzabwerako, ankhoswe anga adzapita kwa amalume ako."

Mawu amenewo ananenedwa mu Ogasiti. Sabata yomweyo Keturah anauza amayi ake pafoni, ndipo amayi ake anauza a Stewart, mlongo wawo, amene ndiwo anali mwini mbumba.

Hazel ndiye ankamuseka. Anali wa ku Zomba, wamsinkhu umodzi ndi Keturah, ndipo kuntchito ankaikidwa pamodzi chifukwa lamulo silinkalola munthu mmodzi kunyamula nkhalamba ndi makina okwezera. Mmodzi ankagwira mapewa, wina miyendo.

"Mwali, anzathu akukwatiwa ndi madokotala, iwe wasankha wakabaza?"

"Dokotala wakoyo ali kuti?"

"Ali m'njira. Basi yake yachedwa ndi sinowo."

Mu Okutobala, atatuwo anapita ku Spinney Hill Park. Hazel anapempha kuti ayese njinga ija. Anaikwera ngati wabadwira pomwepo, natsika chitunda ataimirira pazopalasira, akukuwa. Darlington anathamangira pambuyo pake akuseka. Keturah anatsala pabenchi atasunga majuzi awo, akuwomba m'manja.

Chapakati pa Novembala Darlington anabwera ndi nkhani. Gulu la makasitomala a kushopu linkapita ku Finland nyengo ya Khirisimasi, ndipo linkafuna makanika.

"Ndikaone kaye njira, wapamtima. Ndisakakusocheretse m'tchire la eni. Ulendo wathu ndi wa mu Febuluwale, viza yako ikatuluka."

Keturah anavomera. Kodi mwamuna sayamba waona njira asanatenge mkazi wake?

Sabata yotsatira anapeza Hazel akulira m'chipinda chopumira.

"Amayi anga, Keturah. Sitiroko. Ndikufuna ndipite ku Zomba, koma a manejala akuti nyengo ya Khirisimasi sangandimasule popanda wokava mashifiti anga."

"Ndiye ukulirira zimenezo? Ine ndilipo. Darlington kulibe, ndizikatani kunyumba?"

"Khirisimasi yomwe? Ndi Nyuwere?"

"Zonse. Pita ukawaone amayi."

Hazel anamukumbatira. Kenako anamugwira dzanja.

"Koma usauze anthu kutchalitchi. Sindikufuna phokoso."

Keturah sanaone cholakwa kupempherera munthu wodwala. Lamlungu ananong'oneza mayi Anganile, mtsogoleri wa amayi pampingo wawo wa Amalawi, ndipo mayi Anganile analengeza kutsogolo. Anthu anapemphera mokweza. Atatha mapemphero, aliyense anakumbukira kuti ali ndi m'bale kumudzi.

Munthu wopita kumudzi sapita yekha. Sabata imeneyo chitseko cha nyumba imene Hazel ankachita lendi ndi amayi ena awiri a mumpingo sichinapume. A Bonface anabweretsa foni ya bambo awo a ku Balaka. Wina anabweretsa mankhwala opaka m'mawondo, wina zovala za khanda, wina mafuta odzola ndi chokoleti.

"Makilo andichepera, amayi," anadandaula Hazel.

"Mwana iwe, tinsapato tiwiri ta adzukulu anga tingagwetse ndege?" anatero mayi Anganile, akukanikiza phukusi lawo m'chikwama ndi bondo.

Keturah anabwera pomalizira. Phukusi lake linali ndi nsapato za amayi ake ndi jekete lakuda la amalume. Darlington anali atalonjeza kuti akasankha yekha jeketelo, koma tsiku lililonse anali bize. Keturah anakagula yekha, n'kuuza amayi ake kuti lachokera kwa mkamwini.

"Basi ya ku Zomba imadutsa pa Ntcheu," anauza Hazel. "Amayi adzakudikira padepoti Lolemba. Ungowapatsira pawindo."

Hazel anayang'ana phukusilo nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero.

Loweruka pa 22 Disembala, amayi a m'nyumba ija anamuthandiza kukweza zikwama m'takisi. Darlington anali atatsanzika dzulo lake.

Lolemba pa 24 Disembala, amayi a Keturah ndi a Stewart anatsika ku Tsangano pa lole ya mbatata, mvula ikugwa. Ananyamula ufa woyera, nyemba ndi mtedza zoti Hazel adzatengere mwana wawo. Anaima padepoti kuyambira m'mawa, akusuzumira m'basi iliyonse yochokera ku Lilongwe.

"Mnzakoyo ndi wooneka bwanji?" anafunsa amayi pafoni. "Tafunsa atsikana ambiri ngati ali a Hazel. Ena ayamba kutiseka."

Foni ya Hazel sinkapezeka. Uthenga wake unafika tsiku la Khirisimasi: "Sole mwali, basi inadutsa ndili mtulo. Amayi sali bwino. Ndidzawapatsa pobwerera, pa 31."

Tsiku lomwelo Darlington anatumiza zithunzi. Keturah anaziona ali m'khonde la kuntchito, atavala chisoti chapepala, m'manja muli mbale ya nkhalamba imene inakana kudya. Pachithunzi china Darlington anali pakanjira kopapatiza pakati pa mitengo yolemedwa ndi sinowo, nsidze zitayera ndi chisanu.

"Pasinjala wanga, kuno ukangophonya njira yotsenderedwa umamira mpaka m'chiuno. Ndagwa kale kangapo. Ndikungoganiza za iwe."

"Akukujambula ndani?"

"Mzungu wina wa m'gulu lathu. Nsanje yayamba?"

"Vala bwino, usadwale."

"Febuluwale, duwa langa. Ndapeza kale pamalo pamene ndidzakufunsire."

Keturah anapsompsona foniyo. Mtsikana wamkulu ndithu, kupsompsona galasi!

Pa 31 Disembala amayi ndi amalume anatsikanso ku Tsangano. Anadikira mpaka mabasi anatha. Ufa uja unanyowa.

Hazel anabwerera kuntchito pa 3 Januwale. Sanabweretse usipa, chambiko, ngakhale botolo limodzi la tsabola. Anati a kasitomu anamulanda zonse pabwalo la ndege. Za phukusi anati anasiyira msuweni wake, akapereka. Nsonga za zala zake zinali zotuwa, khungu likusupuka, moti ankalephera kumanga mabatani a okalamba.

"Watani zalazi?"

"Ndinapsa ndi mbaula."

"Nanga amayi?"

"Akupezako bwino."

Hazel sanamuyang'ane kumaso. Keturah anaganiza kuti ndi manyazi a phukusi lija. Munthu wochokera kodwazika matenda ungamupanikize ndi mafunso?

Loweruka pa 5 Januwale, Keturah anaphika mpunga ndi nkhuku n'kupita kushopu masana osanena. Anapeza Shabbir yekha, akumanga tcheni panjinga ya mwana. Darlington anali atatuluka kukayesa mabuleki a kasitomala.

"Mwabwera bwino," anatero Shabbir m'Chingerezi. "Mwina inu mundithandiza. Zikwama za anthu a kwanu zidzachoka liti? Ndikulephera kufika pamashelefu a matayala."

"Zikwama ziti?"

Anamutsegulira chitseko cha kuseri. Pakona panali zikwama ziwiri zikuluzikulu, china zipi itaphulika.

"Darlington anazisiya Loweruka lija Khirisimasi isanafike, iye ndi mtsikana amene anapita naye kokapalasa. Anati masiku ochepa okha."

"Gulu la makasitomala anu lija?"

Shabbir anakwinya nkhope.

"Gulu liti? Makasitomala anga amapalasa kupita kuntchito basi."

Keturah anagwada. Pamwamba penipeni panali tinsapato ta adzukulu a mayi Anganile. Pansi pake foni ya a Bonface, ili m'bokosi lake. Kenako phukusi lomatidwa ndi tepi yabulauni, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe: Mayi Kampango, Ntcheu.

Sanalire.

Belu la pachitseko linalira, ndipo Darlington analowa akukankha njinga. Ataona chitseko cha kuseri chili pululu, anaima.

"Bebi..."

"Tiye panja. Tisawasokoneze bambowa."

Anaima m'kanjira ka kuseri, pakati pa mabini a zinyalala.

"Mzungu wokujambula uja dzina lake ndani?"

"Keturah, ndimvere kaye."

"Ndikumva. Dzina lake ndani?"

Darlington anayang'ana pansi.

"Sizinayambe kalekale. Zinangochitika."

"Zinangochitika? Tikiti imangochitika? Amayi a munthu amangodwala sitiroko ya bodza?"

"Zimenezo anaganiza yekha Hazel. Ine sindinamuuze kuti anene za kumudzi. Katundu yense uja atabwera tinasowa kolowera naye."

"Amayi anga atsika ku Tsangano kawiri, Darlington. Pamvula. Amalume anga, munthu wamkulu, kumasuzumira m'mawindo a basi ngati wogulitsa mazira! Ine ndikusambitsa nkhalamba tsiku la Khirisimasi kuti mkazi wako apeze mpata!"

"Si mkazi wanga."

"Nanga ine ndine ndani?"

Darlington analankhula motsitsa, ngati akufotokozera kasitomala vuto la njinga.

"Tinjira ta kumene kuja n'topapatiza, Keturah. Sinowo yake sinyamula anthu awiri panjinga imodzi, tayala lakumbuyo limamira. Aliyense amapalasa yake. Iwe sutha kupalasa."

"Unadziwa liti zimenezo?"

"Kalekale."

"Mu Ogasiti unkadziwa?"

"Ndinkaganiza kuti uphunzira."

"Unati ntchito yanga n'kukhala basi!"

"Ndimakukondabe, duwa langa. Mulungu akudziwa. Ungondipatsa nthawi, mutu wanga wasokonekera."

Anatambasula dzanja, koma Keturah anabwerera m'mbuyo. Analowa m'shopu, natenga phukusi lake lokha, n'kutuluka. Mpunga ndi nkhuku zinatsala pakauntala.

Lolemba ndandanda wa mashifiti unamuika ndi Hazel, monga mwa masiku onse. Nkhalamba yoyamba kudzutsa inali bambo Stafford, amene miyendo yawo inaleka kugwira ntchito. Anawalowetsa lamba kumsana mosalankhulana. Keturah anagwira mapewa, Hazel miyendo.

"Wandiuza Darlington," anatero Hazel m'Chichewa, maso ali pamakina.

"Koka lambayo, wapindika."

"Ndinakupempha kuti usauze anthu kutchalitchi. Ukanangokhala chete, amayi ako sakanavutika."

Keturah anakweza maso.

"Ndiye wolakwa ndine?"

"Sindinatero."

"Kunali kokongola?"

Hazel anawongola lamba uja.

"Kunali kozizira. Ndinkangolira ndi zala. Iye ankangothamangira kutsogolo, osacheuka."

"Amayi ako akudziwa kuti unawadwalitsa sitiroko?"

"Keturah, chonde. Ukawauza mayi Anganile? Ndikhala kuti ine akamva? Katundu uja nditumiza, ndikulumbira."

"Kweza miyendo yawo."

Makina analira, ndipo bambo Stafford anakwera m'mwamba pang'onopang'ono, akulendewera pakati pa atsikana awiriwo.

"Mukukambirana chiyani, ana inu?" anafunsa m'Chingerezi.

"Za nyengo, bambo," anayankha Keturah. "Akuti chaka chino sinowo ichepa."

Sanawauze mayi Anganile. Akanayambira pati? Kuti mpingo wonse udziwe kuti iye mwini ndiye anagwira mashifiti a mkazi mnzake? Lamlungu lililonse a Bonface ankafunsa Hazel za msuweni uja, ndipo Keturah ankangoyang'ana m'buku la nyimbo.

Mauthenga a Darlington anapitirira mwezi wonse wa Januwale.

"Pasinjala wanga, ndiyankhe."

"Ndalakwa. Koma mtima wanga uli kwa iwe."

Keturah sanayankhe, koma sanafufute ngakhale umodzi. Foni ikanjenjemera m'thumba la yunifolomu, mtima wake unkadumpha ngati kale. Mtima ndi wopusa bwanji!

Pa 2 Febuluwale Darlington anabwerera ku Finland yekha. Kampani ina yobwereketsa njinga zonenepa kwa alendo inamulemba ntchito ya umakanika mpaka sinowo idzasungunuke. Keturah anamva kwa Shabbir, atakumana naye pamsewu. Hazel anamva kwa Keturah, ali mbali ziwiri za bedi la bambo Stafford, ndipo anatuluka kukalira kuchimbudzi. Keturah anadikira kuti abwere, chifukwa yekha sakanatha kuwanyamula.

Uthenga womaliza unafika chapakati pa mwezi umenewo. Chinali chithunzi cha kanjira koyera kopanda munthu.

"Pamalo paja ndi pano. Ndidikire, duwa langa."

Sanalembe kuti adzabwera liti.

Lamlungu lotsatira amayi anaimba kuchokera ku Tsangano. Mawu awo anali osangalala.

"Mwana wanga, za jekete zija usadandaule nazo. Amalume ako akuti katundu amasowa, n'zochitika. Akuti munthu woganiza zogulira mkulu jekete asanamuone n'komwe ndi munthu woleredwa bwino."

"Amayi..."

"Ndiye akhala pansi ndi abale. Chinkhoswe achiika pa 17 Ogasiti, tikakolola. Ndauza kale amayi a kumpingo, ayamba kusonkha nkhuni. Mbuzi ija yabereka mapasa, imodzi ndi yanu."

Keturah anakhala pabedi. Pawindo pankatsika madontho a mvula ya ku Leicester, yopanda mabingu, yosatha.

"Ukundimva?"

"Ndikumva, amayi."

"Amalume ako akufuna dzina la nkhoswe ya kuchimuna ndi nambala yake, kuti ayambe kulankhulana. Umufunse mwamuna wakoyo. Ali bwanji kodi?"

"Ali kuntchito. Kutali pang'ono."

"Ndi wolimbikira. Mugwiritse, mwana wanga, amuna otere ndi osowa. Dzinalo utiuza liti?"

"Ndikuuzani, amayi."

Mwezi wa Malichi 2019 unatha Darlington asanabwerere ku Leicester. A Stewart anafunsanso dzina lija kawiri. Keturah anali asanalitumize, ndipo anali asanawauze kuti tsiku la 17 Ogasiti alifafanize.